Kodi Nyanja Yaukhondo ndi Ndalama Zingati? Njira Zowerengera Phindu Lake ndi Pamene Iliyonse Imaterera

Nsanja yokumbira mafuta ya Deepwater Horizon itaphulika mu Gulf of Mexico mu April 2010, anthu 11 anafa ndipo mafuta anakhala akutuluka m'chitsime kwa masiku 87. Boma la America linafuna kudziwa kuti anthu ataya zochuluka bwanji. Akatswiri ena anawerenga masiku amene anthu analephera kukasambira, kukawedza ndi kukayenda pa maboti, n'kupeza kuti chisangalalo chotayikacho chinali cha madola pafupifupi 700 miliyoni. Ena anafunsa mabanja m'dziko lonselo kuti angalolere msonkho wochuluka bwanji kuti ngozi yotere isadzachitikenso, ndipo mayankho atawaphatikiza anakwana madola 17.2 biliyoni. Ngozi ndi imodzi yomweyo, koma nambala yachiwiri ikuposa yoyamba maulendo oposa 20.

Palibe gulu limene linasokoneza masamu. Oyambawo ankafuna kudziwa zimene anthu opita kugombe anataya, pomwe achiwiriwo ankafuna kudziwa mmene mtundu wonse, kuphatikizapo anthu amene sanaionepo nyanjayo, ukumvera ndi imfa ya mbalame, akamba am'madzi ndi makorali (tizamoyo timene timapanga matanthwe pansi pa nyanja). Choncho munthu akakuuzani kuti uwu ndiye mtengo wa nyanja yaukhondo, musathamangire kuona kukula kwa nambalayo. Yambani mwafunsa kuti yapezeka ndi njira iti.

Tigwirizanenso chinthu china tisanapite patali. Kuwerengera kothandiza sikufunsa mtengo wa nyanja yonse, chifukwa palibe nduna imene ili ndi mphamvu zogulitsa nyanja ya Atlantic. Zimene maboma amasankha n'zooneka ndi maso: mzinda umange malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi asanathiridwe m'nyanja kapena ayi, alimi achepetse feteleza wokokolokera m'mitsinje kapena ayi, nkhalango ya mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere a m'mphepete mwa nyanja) idulidwe kuti pakhale doko kapena isiyidwe. Chowerengedwa ndi kusiyana kwa mmene zinthu zidzakhalire mukachitapo kanthu ndi mmene zidzakhalire mukangozisiya.

Mitengo ya pamsika

Iyi ndiyo njira imene aliyense amayambira, ndipo anthu a ku unduna wa zachuma amaikhulupirira msanga. Nsomba zili ndi mtengo, matikiti a maboti a alendo ali ndi mtengo, ziphaso za usodzi zili ndi mtengo. Madzi akaipa nsomba n'kuchepa, mumachulukitsa makilogalamu otayikawo ndi mtengo wake, basi mwapeza nambala.

Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi kusokoneza ndalama zolowa ndi phindu. Msodzi akagulitsa nsomba, mbali yayikulu ya ndalamazo imabwerera ku mafuta a injini, maukonde ndi malipiro a antchito. Chimene nyanja yampatsa kwenikweni ndi chotsalacho. World Bank itawerengera motere mu lipoti lake la 2017, inapeza kuti usodzi wa m'nyanja zamchere umataya madola pafupifupi 83 biliyoni pachaka poyerekeza ndi zimene ukanapeza maboti akanachepa n'kulola nsomba kuswana. Msampha wachiwiri ndi woopsa kuposa woyambawo: msika umaoneka wosangalala kwambiri nthawi imene nyanja ikukokoloredwa. Ku Newfoundland m'dziko la Canada, nsomba za cod zinkabweretsa ndalama mpaka boma linatseka usodziwo mu July 1992, anthu pafupifupi 30,000 n'kutsala opanda ntchito. Madzi akatayika saoleka. Kwa zaka zoposa 30 usodzi waukulu wa cod kumeneko unakhala wotseka, pomwe mabuku a malonda a zaka za m'ma 1980 sankasonyeza kuti chuma chenichenicho, nsomba zoswana zija, chikutha.

Nthawi zina kuwonongeka kumabisala m'mitengo momwemo. Feteleza wotsika ndi mtsinje wa Mississippi ku America amachulukitsa ndere mu Gulf of Mexico, ndere zikaola zimamaliza mpweya wa okosijeni pansi pa nyanja, ndipo mu 2017 dera lopanda mpweyali linaposa masikweya kilomita 22,000. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anaonetsa kuti mpweya ukachepa, mtengo wa shrimp (zamoyo zodyedwa za gulu la nkhanu) zikuluzikulu umakwera poyerekeza ndi wa zing'onozing'ono, kusonyeza kuti zazikuluzo zikusowa. Wongowerenga matani onse ogwidwa sangazione zimenezi.

Ndiye pali nsomba zosafika pamsika n'komwe, zimene mabanja a m'mphepete mwa nyanja amangogwira n'kudya. M'mabuku a boma nthawi zambiri mulibe, choncho njirayi imapeputsa kwambiri anthu amene moyo wawo wadalira nyanjayo kuposa wina aliyense.

Nkhani ya shaki za ku Palau, dziko la zilumba m'nyanja ya Pacific, imatchulidwa kawirikawiri, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Ofufuza anapeza kuti alendo obwera kudzasambira pansi pa madzi kuti aone shaki amabweretsa madola pafupifupi 18 miliyoni pachaka, ndipo anati shaki imodzi yamoyo ndi ya madola 1.9 miliyoni pa moyo wake wonse, pomwe yophedwa ingagulidwe madola 108 okha. Uthengawo ndi woona: shaki yamoyo imapindulitsa dzikolo kuposa yakufa. Koma nambala ya 1.9 miliyoni inapezeka pogawa ndalama za alendo pakati pa shaki pafupifupi 100 zimene zimakhala pamalo otchukawo. Imodzi itafa, alendo sangachepe ndi ndalama zimenezo. Nambala yogawa chonchi imakoma pa chikwangwani, koma sungamangirepo chipepeso kukhoti.

Zimene zikanawonongeka

Njira yachiwiri imafunsa kuti: chikanakhala kuti chinthuchi palibe, namondwe akanawononga zochuluka bwanji? Kwa ine iyi ndiyo njira yolimba kwambiri pamene nkhani ndi ya makorali, mangrove kapena madambo a m'mphepete mwa nyanja, chifukwa imayamba ndi zinthu zoyezeka. Matanthwe a makorali amaphwanya pafupifupi 97 peresenti ya mphamvu ya mafunde asanafike kumtunda. Akatswiri amajambula pa kompyuta mmene madzi angasefukire makorali alipo, kenako mmene angasefukire atachotsedwa, n'kuwerenga nyumba, misewu ndi minda yogwera pakati pa malire awiriwo.

Namondwe wa Sandy atagunda kum'mawa kwa America mu 2012, kuwerengera kotereku kunaonetsa kuti madambo a m'mphepete mwa nyanja anapulumutsa katundu wa madola 625 miliyoni. Kafukufuku wa 2020 anati nkhalango za mangrove padziko lonse zimapewetsa kuwonongeka kwa madola oposa 65 biliyoni pachaka ndi kuteteza anthu 15 miliyoni ku madzi osefukira. Umboni wina sunachokere pa kompyuta ayi. Ku Odisha m'dziko la India, namondwe wamkulu wa 1999 anapha anthu pafupifupi 10,000, ndipo ofufuza atayerekeza midzi yambirimbiri anapeza kuti imene inali kuseri kwa nkhalango yotakata ya mangrove inaika maliro ochepa.

Chimene chimandikhutiritsa n'chakuti makampani a inshuwalansi, amene sakonda kutaya ndalama pa zinthu zongomva, amagwiritsa ntchito masamu omwewa. Ku Quintana Roo m'dziko la Mexico, matanthwe a makorali analembetsedwa pa inshuwalansi mu 2019. Namondwe wa Delta atadutsa mu October 2020, panatuluka madola pafupifupi 800,000 okonzera makorali ophwanyika.

Kufooka kwake kwagona pa funso lakuti kuseri kwa nkhalangoyo kuli chiyani. Mangrove oteteza mahotela amatuluka ndi mtengo waukulu, pomwe ofanana nawo oteteza mudzi wa asodzi osauka amatuluka ndi wochepa, ngakhale mudziwo uli ndi anthu ambiri. Boma likamasankha malo odzalamo mangrove potsata madola okha, ndalama zidzalowera kwa olemera. N'chifukwa chake lipoti labwino limalemba zinthu ziwiri moyandikana: katundu wopulumuka ndi anthu opulumuka.

Pali mbale wake wa njirayi amene anthu amamusokoneza nayo: kuwerengera ndalama zomangira cholowa m'malo. Amati khoma la simenti loletsa mafunde ndi lakutilakuti, ndiye makorali nawonso ndi a mtengo womwewo. Izi zimagwira pokhapokha khomalo likuchita ntchito yofananadi, lili lotchipa kuposa njira zina zonse, ndiponso anthu akanalimangadi makoraliwo atatha. Pagombe lopanda nyumba palibe amene angamange khoma, choncho mtengo wa khomalo sukuuzani kanthu.

Za matenda zimawerengedwanso chimodzimodzi: ndalama za kuchipatala ndi masiku osagwira ntchito chifukwa chosambira m'madzi a zonyansa kapena kudya nsomba za poizoni. Ku Minamata m'dziko la Japan, kumene matenda obwera ndi mankhwala a mercury otayidwa m'nyanja anazindikirika mu 1956, anthu atawerengera pambuyo pake anapeza kuti ndalama zolipira odwala, asodzi ndi kuchotsa matope oipa zinaposa maulendo pafupifupi 100 zimene zikanafunika kuti poizoniyo asalowe m'madzi. Komabe bilu ya kuchipatala siwerenga ululu, choncho nambala yotereyi muziitenga ngati yoyambira chabe.

Zimene mapazi ndi nyumba zimaulula

Gombe lambiri munthu amalowa ulere, koma kuti afikeko amalipira ulendo ndi nthawi. Katswiri wa zachuma Harold Hotelling ndiye anayamba kuganiza zimenezi mu 1947, m'kalata imene analembera bungwe loyang'anira mapaki ku America. Anthu apafupi amabwera kawirikawiri, akutali mwa apo ndi apo, ndipo mukaona mmene maulendo amachepera mtunda ukamakula mumadziwa kufunika kwa malowo kwa iwo. Madzi akada anthu n'kuyamba kupita kugombe lina lakutali, ndalama zowonjezerazo ndizo mtengo wa kudako. Nambala ya madola 700 miliyoni ija inapezeka motere, mothandizidwa ndi ndege zimene zinkajambula magombe kuti anthu awerengedwe.

Ubwino wake ndi wakuti imadalira zimene anthu achitadi. Zovuta zake n'zodziwika: munthu woyendera malo atatu pa ulendo umodzi mugawa bwanji ndalama zake, ola limodzi la munthu amene ali patchuthi muliwerengera zingati, nanga wokhala pagombe pomwepo amene amafika wapansi tsiku lililonse? Ameneyu amaoneka ngati salipira kanthu, chonsecho mwina anasamukirako chifukwa cha nyanjayo.

Munthu wotereyu amagwidwa ndi njira ina, yoyang'ana mitengo ya nyumba. Mumayerekeza nyumba zofanana kukula ndi msinkhu, kusiyana kotsalako n'kukhala kwa madzi. Christopher Leggett ndi Nancy Bockstael anaonetsa mu 2000 kuti m'mphepete mwa Chesapeake Bay ku America, nyumba zoyandikana ndi madzi okhala ndi tizilombo tambiri ta m'zimbudzi zinkagulidwa motsika. Njirayi imafuna dziko limene malonda a nyumba amalembedwa mwadongosolo, ndipo imangoona zimene wogula angaone kapena kununkhiza. Mankhwala obisika m'matope sawaona. Kumene malo ambiri sagulitsidwa pamsika, musavutike nayo.

Kufunsa anthu

Apa ndiye pali mkangano waukulu, ndipo ndikhalapo pang'ono. Njira zonse zapitazi zimatsata munthu amene amagwiritsa ntchito nyanja. Koma alipo ambiri amene sadzapita ku Arctic, komabe angamve kuwawa atauzidwa kuti anangumi atha. Ena amafuna kuti zidzukulu zawo zidzapeze makorali. John Krutilla analemba mu 1967 kuti kufuna kotereku nakonso ndi chuma, ngakhale sikusiya chizindikiro pamsika. Popeza palibe risiti, njira yokhayo yokuyezera ndi kufunsa. Akatswiri amaitcha contingent valuation.

Inatchuka sitima ya Exxon Valdez itagunda mwala ku Prince William Sound, Alaska, mu March 1989, n'kutaya malita pafupifupi 41 miliyoni a mafuta. Kuderali kumakhala anthu ochepa, choncho njira ya maulendo ikanatulutsa ndalama zochepa kwambiri. Boma la Alaska linapempha gulu lotsogozedwa ndi Richard Carson kuti lifunse mabanja m'dziko lonse la America. Banja lapakatikati linavomera kulipira madola 31 kamodzi kokha kuti ngozi yotere ipewedwe, ndipo pamodzi zinakwana madola 2.8 biliyoni. Mlandu wa boma unatha mokambirana mu 1991 pa madola pafupifupi 1 biliyoni, kotero nambalayo sinayesedwe pamaso pa woweruza.

Otsutsa sanachedwe. Kafukufuku wina, wolipiridwa ndi Exxon, kampani imene inali mwini sitimayo, anafunsa magulu atatu a anthu kuti angapereke zingati populumutsa mbalame kuti zisamire m'maiwe a mafuta. Gulu loyamba linauzidwa za mbalame 2,000, lachiwiri 20,000, lachitatu 200,000. Mayankho anali madola 80, 78 ndi 88. Ngati mbalame zochuluka maulendo 100 zikupatsidwa ndalama zofanana, ndiye kuti anthuwo sankayeza mbalame. Ankagula mtendere wa mumtima woti nawo athandizapo. Peter Diamond ndi Jerry Hausman anapitirira pamenepo, akumati nambala yopezeka chonchi ikhoza kusocheretsa kuposa kukhala opanda nambala. Zoti kafukufukuyo analipiridwa ndi wolakwa sizikufafaniza funso limene anadzutsa.

Bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo, NOAA, linasonkhanitsa akatswiri motsogozedwa ndi Kenneth Arrow ndi Robert Solow, onse awiri olandira mphotho ya Nobel. Mu 1993 iwo anati njirayi ikhoza kukhala poyambira pa milandu, malinga itatsata malamulo okhwima. Funso likhale ngati voti: kodi mungavomereze ndondomeko iyi ngati banja lanu lidzalipira msonkho wakutiwakuti? Wofunsidwa akumbutsidwe kuti ndalamazo zichoka pa zofunika zina za pakhomo pake, ndi kuti nyanja zina zosawonongeka zilipo. Ofufuza aonetse kuti mayankho amakwera pamene kuwonongeka kukukula. Ndipo kufunsako kukhale kwa maso ndi maso. Kafukufuku wotsata zonsezi amadya ndalama zambiri ndi nthawi yaitali, n'chifukwa chake ambiri amene mungawaone amadumpha zina.

Chitsanzo chabwino cha njirayi pa nyanja yodwala pang'onopang'ono, osati ya ngozi, ndi nyanja ya Baltic, kumpoto kwa Ulaya. Nyanjayi yazunguliridwa ndi mayiko 9, madzi ake amasinthana pang'ono kwambiri ndi a North Sea, ndipo zonyansa za m'mizinda ndi feteleza wa m'minda zimabweretsa ndere zobiriwira zophimba magombe m'nyengo yotentha. Mu 2011 anthu oposa 10,000 m'mayiko onsewo anafunsidwa mafunso ofanana. Zinapezeka kuti angalolere kulipira mayuro oposa 3.5 biliyoni pachaka kuti zolinga zimene mayikowo anagwirizana mu 2007 pansi pa HELCOM, bungwe lawo loteteza nyanjayi, zikwaniritsidwe, pomwe ndalama zofunika pa ntchitoyo zinayerekezedwa kukhala zosafika mayuro 3 biliyoni pachaka. Ambiri mwa ofunsidwawo ankafuna nyanja yonse ichire, osati gombe lakwawo lokha.

Masiku ano ofufuza ambiri amakonda kufunsa mwa mtundu wina. M'malo mwa funso limodzi, amakupatsani makhadi a zisankho: pa khadi ili madzi ndi oyera kwambiri, nsomba n'zochepa, msonkho ndi wotere, pa linali madzi ndi oyera pang'ono, nsomba n'zambiri, msonkho ndi wina. Mukasankha kangapo, masamu amalekanitsa mtengo wa chinthu chilichonse pachokha. Izi zimathandiza wokonza ndondomeko amene akufuna kudziwa choyambira. Koma makhadi akachuluka wofunsidwa amatopa n'kuyamba kungoyang'ana mzere wa msonkho.

Zinthu ziwiri sizinathe mpaka lero. Anthu ena amakana kuyankha, akumati wowononga ndiye alipire, kapena kuti nyanja si katundu wogulitsa. Ofufuza ambiri amangowachotsa pa chiwerengero, chonsecho mwina ndi amene amaikonda kwambiri nyanjayo. Chachiwiri, zimene munthu angalipire zimathera pamene thumba lake lathera. Msodzi wosauka amene moyo wake wonse uli pa makorali angatchule ndalama zochepa kuposa munthu wolemera wa mumzinda wakutali amene amangowaona pa TV. Mukanamufunsa msodziyo kuti alandire zingati kuti alole makoraliwo afe, yankho likanakhala lina kotheratu. Kusankha funso limodzi pa awiriwa ndi kugamula mwakachetechete kuti nyanjayo mwini wake ndani.

Kubwereka nambala za ena

Kunena zoona, malipoti ambiri amene maboma amalandira sachokera pa kafukufuku watsopano. Nthawi ndi ndalama zikachepa, mlangizi amatenga nambala yopezeka kwina n'kuisintha pang'ono potengera kusiyana kwa chuma cha anthu. Sindikuinyoza njirayi. Pa ntchito yaying'ono n'kupanda nzeru kuwononga pa kafukufuku ndalama zoposa za ntchitoyo. Imayenda bwino malo akafanana, anthu akafanana, ndi kusintha koyezedwako kukafanana. Imagwa pamene mtengo wa hekitala ya makorali a ku Hawaii, kofika alendo miyandamiyanda, waikidwa pa makorali a pachilumba chosafika ndege.

Mapeto a kubwerekaku ndi manambala a dziko lonse. Mu 1997 Robert Costanza ndi anzake anati chilengedwe chimapatsa anthu zinthu za madola 33 thiriliyoni pachaka, pafupifupi 21 thiriliyoni mwa izo kuchokera m'nyanja ndi m'magombe, pa nthawi imene chuma cha mayiko onse chinali pafupifupi 18 thiriliyoni. Nambalayi inadzutsa anthu ambiri, ndipo pa zimenezo inagwira ntchito. Koma katswiri wina wa zachuma, Michael Toman, anaiseka kuti ndi kuchepetsa kwambiri chinthu chopanda malire, poti nyanja zitatha palibe amene angatsale kuti awerenge zotayika. Ndi momwemonso ndi nangumi wa madola 2 miliyoni amene akatswiri ena a ku bungwe la zachuma la IMF anamutchula mu 2019. Ngakhale madola a ku Australia 56 biliyoni amene kampani ya alangizi ya Deloitte inaika pa Great Barrier Reef, matanthwe aakulu a makorali a kugombe la Queensland m'dzikolo, mu 2017 muziwerenga mosamala: 29 biliyoni ndi za alendo, 24 biliyoni ndi za anthu ofunsidwa amene sanapiteko, 3 biliyoni ndi za ochezako pafupipafupi. Ndi njira zosiyana zosonkhanitsidwa mu nambala imodzi, ndipo siikuuzani phindu la kuchepetsa matope otsika m'mitsinje ya ku Queensland, lomwe ndilo funso limene boma lili nalo.

Osaika mtengo n'komwe

Pali njira ziwiri zimene zimalambalala funso lonse la mtengo, ndipo zimagwira ntchito kuposa mmene anthu amaganizira. Yoyamba imati wowononga abweze chilengedwe, osati ndalama za mtengo wake. Mumawerenga mahekitala a dambo owonongeka ndi zaka zimene adzatenge kuti achire, kenako mumapeza kukula kwa dambo latsopano lofanana ndi zotayikazo. Bilu yake ndi ndalama zokonzera. Pa mlandu wa Deepwater Horizon, mgwirizano umene khoti linavomereza mu 2016 unali wa madola 20.8 biliyoni, ndipo mpaka 8.8 biliyoni mwa izo zinapita ku ntchito yobwezeretsa chilengedwe. Oweruza amaimva msanga njirayi. Imasowa chochita pa zinthu zosabwezeka mwachangu, monga makorali a pansi penipeni amene amatenga zaka mazanamazana kuti akule.

Yachiwiri imagwira pamene cholinga chaikidwa kale ndi lamulo. Mayiko a European Union anadzimanga mu 2008 kuti nyanja zawo zifike pa thanzi labwino pofika 2020. Zikatero funso silikhalanso lakuti kodi n'koyenera, koma lakuti kilogalamu imodzi ya nayitirojeni kapena fosforasi ingachotsedwe motchipa kuti: pamalo oyeretsera madzi a mumzinda, m'munda mwa mlimi, kapena pobwezeretsa dambo? Apa simufunika kufunsa aliyense za chikondi chake pa nyanja.

Ndiye musankhe iti?

Ine ndingayambe ndi zimene wotsutsa sangakane: phindu la usodzi, katundu wopulumuka ku mafunde, ndalama za kuchipatala, kenako maulendo a alendo. Ngati izi zokha zaposa kale mtengo wa ntchitoyo, imani pomwepo. Kuwonjezera nambala yofunsa anthu kungangopatsa otsutsa pogwira. Zikapanda kukwana, ndipo chimene chili pangozi n'chosowa kapena chakutali ndi anthu, monga nyanja za kozizira kapena mtundu wa nyama wotsala pang'ono kutha, pamenepo lipirani kafukufuku wofunsa anthu wochitidwa bwino, chifukwa njira zina zonse zidzalemba ziro pamene pali chinthu. Pa mlandu wa chipepeso, ndalama zobwezeretsa chilengedwe ndizo zimaima bwino. Nambala zobwereka muzigwiritse ntchito posefa ntchito zoyenera kuziunika mozama, osati pogamula.

Pophatikiza njira, chenjerani ndi kuwerenga chinthu chimodzi kawiri. Mangrove amasunga tiana ta nsomba, nsombazo zimagwidwa kunyanja. Mukalemba mtengo wa kusungako n'kulembanso mtengo wa nsomba zogwidwazo, mwabwereza. Mwininyumba wa pagombe amene mwamuwerenga kale pa mtengo wa nyumba musamuwerengenso pa maulendo. Ndipo ngati nambalayo ikukalowa m'mabuku a chuma cha dziko, ndondomeko imene United Nations inavomereza mu March 2021 imafuna mitengo yofanana ndi ya pamsika, osati zonse zimene anthu anganene kuti angalipire.

Palinso kanambala kamodzi kobisika kumapeto kwa malipoti kamene kamatha kutembenuza chigamulo chonse: mlingo wochotsera phindu la m'tsogolo. Nyanja imachira mochedwa. Ndalama zimatuluka lero, phindu limadza patapita zaka makumi angapo. Madola 100 obwera zaka 50 kutsogoloku amakhala pafupifupi madola 50 a lero mukamachotsera 1.4 peresenti pachaka, mlingo umene Nicholas Stern anagwiritsa ntchito mu 2006 pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Mukamachotsera 5 peresenti amatsala osakwana madola 9. Sikuti kuchira konse kumachedwa choncho. Ku Cabo Pulmo m'dziko la Mexico, kumene usodzi unaletsedwa malowo atakhala paki mu 1995, kulemera kwa nsomba zonse kunakwera ndi 463 peresenti pakati pa 1999 ndi 2009. Koma pa fosforasi wokhazikika m'matope a pansi pa nyanja, amene amapitiriza kudyetsa ndere ngakhale mitsinje itayera, mlingo umenewu ndiwo umagamula. Pemphani kuti akuonetseni zotsatira pa milingo iwiri kapena itatu.

Chomaliza chimene nambala yophatikiza imabisa ndi chakuti wopindula ndi wolipira nthawi zambiri sakhala munthu mmodzi. Pa Baltic paja, anthu a ku Sweden anatchula ndalama zambiri pa munthu aliyense kuposa a ku Latvia maulendo ambirimbiri, ndipo mbali yayikulu ya phindu lonse inagwera ku Germany ndi Sweden. Koma gawo lalikulu la ntchito yochepetsa zonyansa linali ku Poland, kumene mitsinje ya Vistula ndi Oder imatsikira m'nyanja itadutsa minda ndi mizinda ya anthu mamiliyoni ambiri. Papepala phindu linaposa mtengo, koma panalibe njira yoti ndalama za wopindula wa ku Stockholm, likulu la Sweden, zifike kwa mlimi wa m'mbali mwa Vistula. Lipoti la HELCOM la 2018 linapeza kuti 97 peresenti ya nyanjayo inali idakali ndi vuto la kuchuluka kwa zakudya za ndere. Chaka cha 2021 chimene mayikowo anadziikira chinadutsa cholinga chisanakwaniritsidwe, ndipo mu October chaka chomwecho anasaina ndondomeko yatsopano yoloza ku 2030.